HERBERT CHAPMAN, MWANA WA KU MIGODI AMENE ADASINTHA MPIRA

Paliponse pamene okonda mpira wa miyendo akumana, kaya ndi pa msika, kaya m'basi, kaya pa khonde la sitolo, mkangano wao ndi umodzimodzi. Wina ati timu idataya ndalama pogula wosewera wakuti. Wina ati mnyamata wodziwa kumwetsa zigoli amkhazikiranji pa benchi. Wina ati osewera athu achulutsa kubwerera m'mbuyo m'malo mothamangira ku golo la adani. Ndipo onsewo aloza chala munthu mmodzi, ndiye mphunzitsi wa timu, amene ena amutcha manijala. Koma kodi mudziwa, inu owerenga, kuti kale munthu wotere kudalibe? Mphamvu yogula osewera, yowasankha ndi yowapangira kaseweredwe idachita kulimbiranidwa, ndipo amene adailimbira koposa anzache onse ndiye Herbert Chapman wa ku England, amene adamwalira m'chaka cha 1934. Nayi mbiri yache.

Ubwana wache

Herbert Chapman adabadwa pa 19 January 1878 m'mudzi wa Kiveton Park, kufupi ndi mzinda wa Sheffield, m'dera la Yorkshire. Mudziwo udali wa anthu okumba malasha, ndipo atate ache, a John Chapman, adali mmodzi wa iwo. M'banjamo mudabadwa ana 11. Masiku amenewo mwana wa munthu wa mu mgodi ankatsata atate ache kunsi kwa nthaka asanamere ndi ndebvu zomwe. Koma Herbert adali wakhama pa sukulu, napitirira kufikira ku Sheffield Technical College, kumene adaphunzira za makina ndi za kayendetsedwe ka migodi. Maphunziro amenewa sadapite pachabe, pakuti adamzoloweza kuyang'ana chinthu chiri chonse monga ayang'anira makina: kuona m'mene zitsulo zigwirizanira, ndi kufunafuna pamene pali chilema.

Pa bwalo la mpira iye sadali katswiri. Adali wamfupi ndi wojintcha, wosewera kutsogolo, wamphamvu koma wopanda luso lodabwitsa; ambiri ankamkumbukira chifukwa cha nsapato zache zachikasu. Katswiri wa pa banjapo adali mng'ono wache Harry, amene adatenga ligi kawiri ndi chikho cha FA Cup kamodzi ali ku Sheffield Wednesday. Herbert adangoyendayenda: Stalybridge Rovers, Rochdale, Grimsby Town, Swindon Town, Sheppey United, Worksop Town, Northampton Town, Sheffield United, Notts County, potsiriza Tottenham Hotspur. Kumeneko adafika m'chaka cha 1905, chaka chomwe adakwatira Annie Poxon, mphunzitsi wa sukulu, ndipo adatsirizira m'timu yachiwiri.

Komatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'matimu onsewo adaona nthenda imodzi. Eni timu, anthu a malonda okhala m'komiti, ndiwo ankasankha osewera, yense kukankhira amene amkonda. Mlembi wa timu ankangolemba makalata ndi kugula matikiti a sitima. Osewera ankalowa m'bwalo osapangana kanthu, yense kudalira nzeru za miyendo yache.

Ayamba nchito ku Northampton

M'chaka cha 1907 timu ya Northampton Town idali itakhala pansi penipeni pa ligi ya Southern League zaka ziwiri zotsatana. Idaitana Walter Bull, mnzache wa Chapman ku Tottenham, kuti akaiyang'anire; Bull adakana, natchula Chapman m'malo mwache. Motero ali ndi zaka 29 adalandira nchito ya manijala, kwinaku akusewerabe.

Nthawi imeneyo matimu onse ankaima mofanana: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, apakati atatu ndi akutsogolo asanu. Nzeru idali imodzi, kukankhira mpira kutsogolo kosalekeza. Tsiku lina Northampton idapanikiza Norwich City masewero onse, koma nkugonja. Chapman adalingalira, nazindikira chimene ambiri sadachione, kuti timu ingathe kuukira mopitirira muyeso. Mukaunjikana nonse pa khomo la adani, iwonso aunjikana pomwepo, ndipo mpira usowa podzera. Tsono adauza apakati ache kuti azibwerera m'mbuyo pang'ono, kuti adani akopeke ndi kutuluka. Akatuluka, kumbuyo kwao kutsala mpata, ndipo mpira umodzi wolunjika bwino upeza mnzanu ali yekha. Ndiyo nzeru ya mlenje amene sathamangitsa nyama m'ziyangoyango, koma aidikira pa dambo. Adauzanso otchinga kumbuyo kuti aleke kungomenyera mpira m'mwamba, koma azipatsira mnzao. M'chaka cha 1909 timu yotsalira ija idatenga ligi.

Diso lache losankha anthu lidaoneka msanga. Adatenga Fanny Walden, kamnyamata kakafupi kotero kuti ena ankakaseka, ndipo pambuyo pache adasewerera dziko la England. M'chaka cha 1911 adatenga Walter Tull ku Tottenham. Ameneyu adali munthu wakuda, atate ache ochokera ku Barbados, ndipo adali atatukwanidwa koopsa ndi oonerera pa bwalo la Bristol City chifukwa cha khungu lache. Chapman adayang'ana miyendo ndi mtima, nampatsa malo. Tull adasewerera Northampton kufikira nkhondo, nakhala ofisala wa asilikali, nafera ku France m'mwezi wa March 1918.

Tsoka la ku Leeds

M'chaka cha 1912 Chapman adasamukira ku Leeds City, timu ya gawo lachiwiri la Football League, imene idali kufupi kuchotsedwa. Pomwe chinkafika chaka cha 1914 idali pa nambala 4, itapereweza mapointi awiri okha kuti ikwere. Kumeneko adayamba mwambo wosonkhanitsa osewera sabata iri yonse kuti akambirane za masewero apita ndi akudza, wamng'ono ndi wamkulu yemwe kupatsidwa mpata wolankhula. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nkhondo yaikulu yoyamba idadula zonsezi. M'chaka cha 1916 Chapman adapita kukayang'anira fakitale ya zipolopolo ku Barnbow, kufupi ndi Leeds, ndipo nkhondo itatha adasiya mpira, nalowa nchito pa kampani ina ku Selby. Koma mlandu suola. M'chaka cha 1919 kudamveka kuti Leeds City idalipira osewera mobisa nthawi ya nkhondo, chimene malamulo adaletsa. Akulu a mpira adaitanitsa mabuku a ndalama, eni timu nakana kuwatulutsa. M'mwezi wa October timu idachotsedwa m'ligi itasewera masewero 8 okha. Osewera ache adagulitsidwa pa okushoni m'hotela ya Metropole monga agulitsira ng'ombe pa msika, ndipo akulu asanu a timuyo, pamodzi ndi Chapman, adaletsedwa kukhudzanso mpira moyo wao wonse. M'malo mwa timu yakufayo mudabadwa Leeds United.

Taganizani munthu wa zaka 41, wa banja ndi ana, dzina lache litadetsedwa chotere. Ndipo pa Khirisimasi ya 1920 nchito ya ku Selby idathanso. Pamenepo Huddersfield Town idamfuna, nimthandiza kudandaula kwa akulu a mpira kuti iye adali ku Barnbow pamene zolakwazo zinkachitika. Dandaulo lidamveka, chiletso chidachotsedwa, ndipo m'mwezi wa February 1921 adalowa monga wothandiza manijala. Patapita mwezi umodzi timu yonse idali m'manja mwache.

Ulemerero wa Huddersfield

Choyamba adagula Clem Stephenson ku Aston Villa, munthu wa zaka 31, amene ambiri ankati watha. Chapman sadafune liwiro lache koma mutu wache, kuti akhale ngati nkhoswe ya anyamata m'bwalo. Pambali pache adaika George Brown, mnyamata wa zaka 18 wosadziwika konse. Kuphatikiza wamkulu wanzeru ndi mnyamata wa moto kudakhala chizolowezi chache kufikira imfa. Adalamulanso kuti timu yachiwiri ndi yachitatu zizisewera monga isewerera yoyamba, kuti wina akabvulala wolowa m'malo mwache asadzakhale mlendo.

M'chaka cha 1922 Huddersfield idatenga chikho cha FA Cup pogonjetsa Preston North End 1-0 ndi penate ya Billy Smith. M'chaka cha 1924 idatenga ligi mwa njira yoti mitima nkuima. Iyo ndi Cardiff City zidatsiriza ndi mapointi 57. Huddersfield idamwetsa zigoli 60 nilandira 33. Cardiff idamwetsa 61 nilandira 34. Lamulo la masiku amenewo lidali logawa zigoli zomwetsa ndi zolandira, ndipo pogawapo Huddersfield idaposa pang'onong'ono. Tsiku lotsiriza Len Davies wa Cardiff adaphonya penate ku Birmingham. Akadamwetsa, mbiri ikadakhala yina. Chaka chotsatira Huddersfield idatenganso ligi, italandira zigoli 28 zokha m'masewero 42. Apa ndi pamene anthu adayamba kuona kuti kutchinga bwino ndiko maziko a kuukira.

Apita ku London

M'chaka cha 1925 Sir Henry Norris, wa pa mpando wa Arsenal, adalengeza m'nyuzipepala ya Athletic News kuti afuna manijala, nachenjeza kuti anthu odziwa kumanga timu ndi ndalama zambiri zokha asadzibvute nkulemba kalata. Arsenal idali isanatengepo chikho chachikulu chiri chonse, ndipo chaka chimenecho idatsiriza pa nambala 20 mwa matimu 22. Anthu adadabwa kumva kuti Chapman wasiya akatswiri a dziko lonse kutsata timu yotere. Malipiro adali £2,000 pa chaka, kawiri kuposa a ku Huddersfield, ndiponso adaona kuti London ndi mzinda wa anthu ochuluka, woyenera timu yaikulu. Adanena poyera kuti padzapita zaka zisanu asanatenge kanthu.

Woyamba kumgula adali Charlie Buchan wa Sunderland, wa zaka 33, yemwe Arsenal idamtaya ali mnyamata chifukwa cha mkangano wa masheleni 11. Sunderland idafuna £4,000. Norris adaumira, nagwirizana nao kuti apereke £2,000, ndi kuonjeza £100 pa chigoli chiri chonse chimene Buchan adzamwetse chaka choyamba. Buchan adamwetsa 21, kotero Arsenal idalipira £4,100, kuposa mtengo umene idaukana.

Chaka chomwecho lamulo la ofusaidi lidasinthidwa. Kale wosewera wolandira mpira kutsogolo ankayenera kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo, kuwerengera goloboyi yemwe. Otchinga ochenjera, monga Bill McCracken wa Newcastle, ankangoyenda phazi limodzi kutsogolo, woimbira naliza wezulo. Mpira udayamba kugwetsa ulesi, tsono akulu adachepetsa adaniwo kukhala awiri. Zigoli zidasefukira: m'gawo loyamba zidali 1,192 chaka chatha, koma chaka chotsatira zidafika 1,703.

Pa 3 October 1925 Arsenal idakwapulidwa 7-0 ku Newcastle. Buchan adapsa mtima, naumirira pa zimene adakhala akunena, kuti wapakati wa pakatikati abwerere kukaima pakati pa otchinga awiri aja, akhale mlonda wa womwetsa zigoli wa adani. Chapman sadachite manyazi kulandira nzeru kwa womlemba nchito. Adabweza Jack Butler kumbuyo, ndipo kuti pakati pasatsale bwinja adatsitsirako mmodzi wa akutsogolo, Andy Neil. Patapita masiku awiri adagonjetsa West Ham 4-0 kwao komwe, ndipo chaka chimenecho adatsiriza achiwiri, pambuyo pa Huddersfield.

Matimu ena adayesanso kubweza munthu wachitatu kumbuyo, koma Chapman ndiye adakonza thupi lonse kuti ligwirizane. Otchinga awiri aja adawatumiza m'mbali kukalonda othamanga m'mapiko. Apakati awiri otsala adawalowetsa m'kati. Patsogolo pao adaika awiri ogawa mpira, ndi atatu kutsogolo kwenikweni. Mukajambula mizere pa pepala, akutsogolo asanu apanga chilembo cha W, akumbuyo asanu cha M. Nchifukwa chache kaimidweka kadatchedwa WM, ndipo kadalamulira mpira wa ku England kufikira zaka za m'ma 1950.

Kagulidwe kache ka osewera

Kaimidwe pakokha sikamwetsa chigoli. Pafunika anthu oyenera malo ali onse, ndipo Chapman adawafuna modekha, monga achitira ofuna kuona maso a nkhono. Joe Hulme, waliwiro ngati mphepo, adachokera ku Blackburn. Herbie Roberts, amene adasanduka mlonda weniweni wa pakati, adagulidwa £200 ku Oswestry. Eddie Hapgood, woyendetsa ngolo ya mkaka, adachokera ku Kettering, nadzakhala kaputeni wa England. Cliff Bastin adamtenga ku Exeter City ali ndi zaka 17. George Male, wosewera pakati cha kumanzere, adamuitana tsiku lina namuuza kuti kuyambira pamenepo adzatchinga kumbuyo cha kumanja, ndipo pa malo achilendowo adasewerera dziko lache. Asanagule munthu, Chapman ankafufuza ndi makhalidwe ache omwe, pakuti ankati wosadzisunga kunja kwa bwalo sangadzisunge m'bwalo.

Koma pamene padafunika ndalama sadaope. M'chaka cha 1927 Arsenal idagonja 1-0 kwa Cardiff City pa masewero otsiriza a FA Cup, mpira utapulumuka m'manja mwa goloboyi Dan Lewis, ndipo chaka chotsatira Buchan adapuma. Chapman adafuna David Jack wa Bolton Wanderers. Bolton idatchula £13,000. Bob Wall, kalaliki wachinyamata amene adamperekeza, adasimba pambuyo pache kuti adafika msanga ku hotela, Chapman napangana ndi woperekera zakumwa kuti alendo a ku Bolton aziwathirira kachasu wa Azungu kawiri muyeso, koma m'tambula yache asamathiremo kachasu konse. Pomwe mtengo unkakambidwa, mitu ya ogulitsa idali itapepuka. Kuchenjera kotere sitingakuyamikire, koma kudali mbali ya munthuyo. Jack adagulidwa ndi mapaundi opitirira 10,000, woyamba pa dziko lonse kufika pamenepo, ndipo Sir Charles Clegg, mkulu wa Football Association, adadandaula kuti palibe wosewera woyenera ndalama zotere.

M'chaka cha 1929 adagula Alex James ku Preston ndi £8,750. Popeza lamulo lidaletsa kulipira wosewera koposa £8 pa sabata, adampezeranso nchito yoonetsa katundu wa masewero m'sitolo yaikulu ya Selfridges. Ku Preston James adali womwetsa zigoli; Chapman adamuuza kuti aleke zimenezo, atsikire pakati, azidyetsa anzache. Miyezi yoyamba zidakanika. Oonerera adang'ung'udza, nyuzipepala zidati ndalama zalowa m'madzi, timu nitsiriza ligi pa nambala 14. Chapman adampumitsa kanthawi, koma sadamtaye.

Zipatso ndi madandaulo

Pa 26 April 1930, zaka zisanu zija zitakwana, Arsenal idakumana ndi Huddersfield pa bwalo la Wembley kulimbirana FA Cup. Chifukwa cha Chapman, amene adamanga matimu onse awiri, osewera adalowa m'bwalo ali mizere iwiri yoyandikana, mwambo umene ulipo mpaka lero. Masewero ali m'kati, chombo cha mlengalenga cha ku Germany, Graf Zeppelin, chidadutsa pamwamba pa bwalo. James yemwe uja adamwetsa chigoli choyamba, naponyera Jack Lambert mpira wautali umene udabala chachiwiri. Arsenal idapambana 2-0.

Kuukira kwao kudali kotere. Adani akataya mpira, unkapita msanga kwa James. Iye ankauponya patali kwa Hulme kumanja kapena kwa Bastin kumanzere. Awiriwa sankatsata mzere wa m'mbali kufikira pa ngodya monga ankachitira ena, koma ankadulira m'kati kulunjika ku golo, Lambert ndi Jack ali pafupi. Kupatsirana katatu kapena kanai, mpira uli mu ukonde. James adamwetsa zigoli 27 zokha m'masewero 261 a Arsenal, koma zambiri za anzache zidachokera ku phazi lache. M'chaka cha 1931 Arsenal idatenga ligi ndi mapointi 66 ndi zigoli 127, timu yoyamba ya kumwera kwa England kutero: Lambert adamwetsa 38, Jack 31, Bastin 28. M'chaka cha 1932 idakhala yachiwiri m'ligi ndi m'chikho momwe, ndipo mu 1933 idatenganso ligi ndi zigoli 118, Bastin yekha 33 ali m'phiko.

Kodi muyesa kuti mikangano idatha? Ai ndithu. Otsata matimu ena ankaitcha Arsenal timu ya mwai, pakuti ankaona timu yao ikupanikiza masewero onse, nkupita kwao itagonja. Ena ankati ndi yotopetsa, ingobisala kumbuyo, ngakhale zigoli zache zidali zochuluka chotero. Ena ankaitcha nkhokwe ya ndalama ya Bank of England, kuiwala Roberts wa £200. Ngakhale ochemerera a Arsenal yomwe ankamkuwiza Lambert kuti ngwosaoneka bwino posewera. Ichi chidampweteka Chapman. M'nkhani zimene ankalemba m'nyuzipepala ya Sunday Express adadzudzula okuwiza, nati amapha mtima wa wosewera, ndipo adafuna kuti osamva chenjezo azitulutsidwa m'bwalo.

Manyazi a ku Walsall

Nayenso adalawa kuwawa kwa kusankha molakwa. Pa 14 January 1933 Arsenal idapita kukasewera ndi Walsall, katimu ka gawo lachitatu, m'chikho cha FA Cup. Ena mwa akatswiri adali ndi chimfine, ena obvulala, ndipo Chapman adaona kuti ndi mpata woyesa anyamata a timu yachiwiri. Walsall idapambana 2-0, dziko lonse nkugwedezeka. Chigoli chachiwiri chidali penate, imene idadza pamene Tommy Black, mmodzi wa anyamatawo, adaponda mdani mwankhanza. Chapman adati khalidwe lotere siliyenera malaya a Arsenal, ndipo sabata isanathe Black adagulitsidwa ku Plymouth Argyle, atasewera kamodzi kokhako m'timu yoyamba. Ena adayamika kuti manijala asunga mwambo. Ena adati mnyamata wasenzetsedwa katundu wa amene adamsankha. Mlandu umenewu okonda mpira akali kuuzenga.

Zina zimene adayambitsa

Maso ache sadali pa bwalo pokha. Pa 25 August 1928 osewera ache adabvala malaya a manambala kumsana, akulu a ligi nakaniza, kufikira adabvomera m'chaka cha 1939. Ataona mpira wa usiku ku Belgium, adaika nyali zamagetsi pa bwalo la Highbury, koma zidangothandiza pokonzekera, pakuti masewero a usiku sadaloledwe kufikira zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1932 adakopa eni sitima za pansi pa nthaka kuti siteshoni ya Gillespie Road itchedwe Arsenal, dzina limene iri nalo mpaka lero. M'chaka cha 1933 adaonjeza mikono yoyera pa malaya ofiira, kuti osewera azionana msanga. Adakweza Tom Whittaker kukhala wosamala matupi a osewera, nampatsa zipangizo zochizira obvulala. Adali bwenzi la Hugo Meisl wa ku Austria, ndipo ankachenjeza Angerezi kuti maiko ena ali kuphunzira msanga. M'mwezi wa May 1933 adatsogolera timu ya England ku Italy, kumene idalepherana 1-1, ndi ku Switzerland, kumene idapambana 4-0. Koma osewera adasankhidwa ndi komiti, ndipo padapita zaka 30 England isanapatse manijala wache, Alf Ramsey, mphamvu yosankha yekha.

Imfa yache

Pa 1 January 1934 Chapman adapita kumpoto kukaona masewero a Bury ndi Notts County, nadzera ku Yorkshire kukazonda Sheffield Wednesday, imene Arsenal idayenera kukumana nayo Loweruka. Adabwerera ku London ali ndi chimfine, koma m'malo mogona adapitanso kukaona timu yachitatu ya Arsenal ikusewera ku Guildford, m'chisanu choopsa. Chimfine chidasanduka chibayo, ndipo m'mamawa wa Loweruka lomwelo, pa 6 January, adamwalira kunyumba kwache ku Hendon, ali ndi zaka 55. Chakudza sichiimba ng'oma: osewera ena adamva za imfayo poona zikwangwani za ogulitsa nyuzipepala ali pa njira yopita ku bwalo. Masewero adachitikabe, natha 1-1. Adaikidwa patapita masiku anai pa manda a chalichi cha Anglican cha St Mary's ku Hendon, kumene ankapemphera, ndipo bokosi lache adanyamula ndi Jack, Hulme, Lambert, Bastin, Hapgood ndi James. Adasiya mkazi ndi ana anai.

Nyumba yomangidwa bwino siigwa mmisiri akachoka. Arsenal idatenga ligi chaka chomwecho, Joe Shaw akuigwirizira, nitenganso mu 1935 pansi pa George Allison. Motero matimu awiri oyamba kutenga ligi ya England katatu motsatana, Huddersfield ndi Arsenal, onse adamangidwa ndi munthu mmodzi, amene sadakhalepo kuti aone chikho chachitatu ku timu iri yonse. M'mwezi wa November 1934 osewera 7 a Arsenal adali m'timu ya England imene idagonjetsa Italy 3-2 pa Highbury. Chifanizo chache chamkuwa, chosemedwa ndi Jacob Epstein, chidaikidwa pa khomo la bwalolo, ndipo m'chaka cha 2011 adamuimikira china kunja kwa bwalo latsopano la Emirates.

Mitengo ya osewera idakwera kotero kuti mapaundi 10,000 a David Jack aoneka ngati ndalama ya mchere. M'chaka cha 2023 Arsenal yomweyo idagula Declan Rice ndi mapaundi osachepera 100 miliyoni. Kaimidwe ka WM kadatha kale. Koma inu amene mutsutsana za timu yanu, kaya ndi ya ku London, kaya ya pa sukulu ya kwanu, moyo wa Chapman ukupatsani mafunso oyenera kuyamba nao. Wosewera amene mumlirayo adzagwira nchito yanji pakati pa anzache khumi? Amene mumkuwiza lero, kodi mwampatsa nthawi imene Alex James adapatsidwa? Ndipo timu ikabwerera m'mbuyo, kodi ndi mantha, kapena ndi msampha? Chapman adagula okwera mtengo ndi otsika mtengo omwe, adamvera nzeru za kaputeni wache, adalakwa ku Walsall anthu onse akuona. Koma pa zonsezi adabvomera kuti wosankha akhale mmodzi, ndi kuti chitonzo chikadza chigwere iyeyo. Kuyambira masiku ache, umenewo ndiwo mtolo wa mphunzitsi ali yense wa mpira.